Kuwerenga Thombozi

Anandilemba ganyu wa masiku asanu,
mtsikana wa ku Bunda, Esinati Kamchacha,
kuti ndizimugwirira chingwe choyezera
m'thengo la kuseri kwa Mwansambo.
Ntchito yanga sanandifunse.
Zikhadabo zanga zakuda zinamuyankha zokha.

Mtengowu iye amautchula dzina lina,
lalitali ngati msewu wa ku Ntchisi,
lomupunthwitsa lilime mwini wake yemwe.
Ine ndimaudziwira khungwa
long'aluka timabwalo ngati msana wa ng'ona ya mu Bua,
masamba ozyolika ngati mwana wokalipiridwa,
ndi zipatso ziwiriziwiri zouma gwa,
zotambalala ngati nyanga za kambuzi.
Sutalika. Mombo ndi mtondo zimaupondereza,
iwo umangokhala chete m'khwapa mwawo.
Ukautema umalira mkaka,
mkaka wosamva sopo,
womata pampini wa nkhwangwa mpaka dzinja.

"Umakonda kumera pati?" anandifunsa.
Ndinaseka.
Pamtunda wa nsangalabwi pomwe chimanga chimakana,
pachitsetso pomwe mbuzi imayenda chammbali,
m'mphepete mwa chulu chakale.
M'dambo sulowa, madzi oima umadana nawo.
Iye anatambasula mapu pabondo,
timadontho tofiira waa:
Zambia, Tanzania, Mozambiki, mpaka Angola.
Ndinangoti, "Kani uli ndi abale kutali."
Mapu anga sindinamuonetse,
madontho akuda a mauvuni ozizira
omwe tinkawalambalala tsiku lonse.

Lachiwiri tinadutsa palupsa.
Phulusa m'mapazi, dzuwa la Okutobala paliwombo,
koma thombozi uli phee, masamba atsopano biriwiri,
timaluwa toyera tosaoneka bwino
tikununkhira kuposa mafuta a mkwati.
Njuchi zinatitsogolera.
Ndinamuuza za bambo anga, a Sandalamu,
momwe ankamatira chubu cha njinga ndi utomoni wake
n'kukafika ku Benga osapopanso,
ndi za mpheta zomwe tinkakola ndi ulimbo
tikuthawa sukulu.
Zimenezo sanalembe. Pafomu panalibe malo.

Pampanda wamagetsi tinaima.
Mkati njovu inali itathyola itatu,
n'kusenda khungwa, n'kusiya.
Kunja kuno njovu yake ndine.

Lamulo la fomu linali limodzi:
wochepera masentimita asanu sawerengedwa.
Ndiye mphukira zonse tinkazidumpha,
zisanu ndi ziwiri pachitsa chimodzi,
khumi pa china,
zowongoka ngati ana a sukulu pamzere,
osalembedwa m'kaundula.

Lachinayi anagwada pachitsa china,
n'kusisita potemapo ndi chala.
"Wodula uyu ndi wamanzere," anatero.
Ndinasamutsa chingwe
kuchoka kudzanja lamanzere kupita kulamanja.
Anaona. Sanakweze maso.
Anangotenga pensulo
n'kujambula mzere watsopano m'mbali mwa pepala,
pamwamba pake n'kulemba kuti: zitsa zamoyo.
Tinabwerera kumene tinayambira
n'kuyambanso kuwerenga.

Yoimirira: makumi asanu ndi atatu, kudza itatu.
Zitsa zophuka: mazana awiri ndi zina,
ndinasokonezeka pakati
poti zina ndinkazidziwa ndi chaka chake.
Ichi ndi cha fizi ya Malita.
Icho ndi cha mankhwala a mayi ake.
Chija ndi cha bokosi.

Lachisanu chipatso china chinathetheka pamutu pathu,
njere zamapiko zikutsika mozungulira,
imodzi inatera pafomu.
Iye anaiika m'envulopu.
Ina inagwera m'thumba la malaya anga,
sindinaichotse.

Anandilipira pansi pa mtengo womaliza,
nambala yake itapachikidwa ndi kawaya.
Ndinali nditabudula tsamba mosaganiza.
Pofika pagolosale kuti ndigule mchere,
ndalama inakana kuchoka m'manja.
Wogulitsa anakoka, ine ndinakoka,
mpaka anafunsa,
"Achimwene, mwagwira chiyani?"